Methane: mlandu si wa mlimi wa ku Bua, koma phindu lingakhale lake

Nkhani ya kusintha kwa nyengo ikafika kuno ku Nkhotakota, malangizo ake amakhala awiri okha: dzalani mitengo, lekani kuotcha makala. Malangizowa ndi abwino ndipo sindikuwatsutsa. Koma pali mpweya wina umene sutchulidwa kawirikawiri pa misonkhano ya kwa amfumu ngakhale pa wailesi, chikhalirecho pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse a kutentha kumene kwawonjezeka pa dziko lapansi chiyambire mafakitale kwabwera ndi mpweya umenewu. Dzina lake ndi methane. Amatuluka m'matope a m'munda wa mpunga, m'mimba mwa ng'ombe, kudzala, m'chimbudzi chokumba, komanso m'migodi ya malasha ndi m'zitsime za mafuta ndi gasi za mayiko olemera.

Mpunga ndi ng'ombe zikangotchulidwa pa mndandanda umenewu, ife a m'mbali mwa nyanja tiyenera kutchera khutu, chifukwa posachedwapa adzabwera anthu ndi mapulojekiti kudzatiuza kuti ulimi wathu ukutentha dziko. Maganizo anga ndi akuti mlandu umenewo tiukane poyera. Koma tikaukana tisapinde manja, pakuti zinthu zimene zimachepetsa methane m'munda ndi m'khola ndi zomwezo zimene zimasunga madzi, nkhuni ndi ndalama za mlimi. Tizichite chifukwa zikutipindulira, ndipo njira iliyonse imene ikufuna kuti mlimi aluze kuti dziko lizizire tisaivomere.

Aliyense amene anapondapo m'dambo, kapena kukankha bwato ndi mtengo m'mabango a ku Chia, anaonapo timathovu tikutumphuka kuchokera m'matope. Mpweya wambiri wa m'timathovu timeneti ndi methane. Udzu, masamba ndi ndowe zikamawola pamalo pamene okosijeni safika, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakonda malo otere timadya zowolazo n'kumatulutsa methane. Alessandro Volta wa ku Italy, yemweyo amene pambuyo pake anapanga batire yoyamba, anavundula matope a m'nyanja ya Maggiore mu 1776, n'kutapa mpweyawo, ndipo anapeza kuti umayaka moto. Gasi amene akukumbidwa pansi pa nyanja ku Cabo Delgado kwa anansi athu a ku Mozambique, mbali yake yaikulu ndi methane yemweyu. Yekhayo wa m'masilinda amene ena amaphikira m'matauni ndi wamtundu wina.

Mmene amatenthetsera dziko si zovuta kumvetsa. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumlengalenga n'kutenthetsa nthaka ndi madzi. Nthaka nayo imabweza kutenthako m'mwamba, ndipo n'chifukwa chake mchenga wa kunyanja umakhala ukutulutsabe chifundizi dzuwa litalowa kale. Nayitrojeni ndi okosijeni, zimene ndi magawo 99 pa 100 alionse a mpweya umene timapuma, zimangokusiya kutenthako kuti kudutse kupita kutali. Koma methane, carbon dioxide ndi nthunzi ya madzi zimakugwira, n'kubweza kwina pansi. John Tyndall anaziyeza zimenezi ku London mu 1859. Mipweya imeneyi payokha si mdani. Ikanakhala kuti kulibe, dziko likanazizira mpaka pafupifupi madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo nyanja yathuyi ikanakhala chimwala cha madzi oundana. Vuto ndi kuchuluka. Mafakitale asanayambe, pa tizigawo 1 biliyoni ta mpweya, pafupifupi 720 tinali ta methane. Lero tapitirira 1,900.

Methane amasiyana ndi carbon dioxide pa zinthu ziwiri, ndipo mfundo yanga yonse yagona pamenepa. Ndi waukali: pa zaka 20, kilogalamu imodzi ya methane imagwira kutentha kuposa kilogalamu ya carbon dioxide maulendo oposa 80, ndipo ngakhale titawerengera pa zaka 100 amamuposabe pafupifupi maulendo 28. Koma sakhalitsa. Pakatha zaka pafupifupi 12 amakhala ataphwanyika mumlengalenga, pamene mbali ina ya carbon dioxide imakhala zaka mazanamazana. Methane ndi moto wa mapesi, carbon dioxide ndi chikuni chogonera. Ukaleka kusonkhezera mapesi, moto umatsika pompo, pamene chikuni chimanyekabe mpaka mawa. Choncho ngati anthu akufuna kuti kutentha kuchepetse liwiro ife tikadali ndi moyo, methane ndiye woyamba kumugwira. Lipoti la bungwe la United Nations loona zachilengedwe la mu 2021 linawerengera kuti kuchepetsa methane wochokera ku ntchito za anthu ndi magawo 45 pa 100 pofika 2030 kungapewetse kutentha kwa pafupifupi madigiri 0.3 m'zaka za m'ma 2040.

Madigiri 0.3 akumveka ngati kanthu kochepa, koma dziko lonse latentha ndi madigiri ongopitirira pang'ono 1, ndipo taona kale zimene zatigwera. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula nthunzi yowonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100, ndiye mvula ikati igwe imagwa yosakaza. Namondwe wa Ana mu January 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo dziko linakhala m'kuzimazima kwa miyezi yambiri. Freddy mu March 2023 anapha anthu mazanamazana m'chigawo chakumwera. Kumapeto kwa February 2024 madzi anasefukira ku Dwangwa, anthu zikwizikwi anathawa m'nyumba zawo ndipo msewu wa M5 unaduka. Mwezi wotsatira boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chaka chimodzi chomwecho, kwina anthu akuthawa madzi, kwina chimanga chikupserera. Ndiye tikamva kuti pali njira yochepetsera kutentha mofulumira, nkhaniyo ndi yathu kuposa ya wina aliyense.

Tsopano za mlandu. Pa methane yense wochokera ku ntchito za anthu, ulimi umatulutsa pafupifupi magawo 40 pa 100, ndipo mwa amenewa 32 ndi a ziweto, 8 ndi a mpunga. Mafuta, gasi ndi malasha zimatulutsa 35, zinyalala ndi zonyansa 20. Wina akhoza kuloza chala pa 40 wa ulimiyo n'kunena kuti alimi ndiye olakwa. Koma alimi ake ati? Mpunga wa pa dziko lonse, pafupifupi magawo 90 pa 100 umalimidwa ku Asia. China yokha imakolola matani oposa 200 miliyoni pachaka, pamene Malawi yense, kuphatikiza Karonga, Nkhotakota, Salima ndi chigwa cha Chilwa, safika matani 200,000. Brazil ili ndi ng'ombe zoposa 200 miliyoni, zathu sizifika 3 miliyoni. Ngakhale mawa titasiya kudya mpunga ndi nyama tonse, makina oyezera mpweya mumlengalenga sangaone kusintha.

Komanso pali kusiyana pakati pa methane wotuluka polima chakudya ndi methane wotayika chifukwa chosasamala. Makampani a mafuta, gasi ndi malasha amatulutsa matani pafupifupi 120 miliyoni a methane pachaka, wambiri kudzera m'mapaipi obooka, m'zitsime zosatsekedwa bwino, ndi m'gasi amene amangomutulutsa dala chifukwa iwo akufuna mafuta okha. Bungwe la International Energy Agency, loona za mphamvu pa dziko lonse, linanena mu 2024 kuti pafupifupi magawo 40 pa 100 a methane ameneyu angatsekedwe popanda kampani kuluza, chifukwa gasi wopulumutsidwayo amagulitsidwa. Gasi amene amangoyatsidwa pa zitsime za mafuta chaka chilichonse, World Bank imati akhoza kupereka magetsi ku mayiko onse a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ife tikuwerengera ana athu ndi tochi ya foni, ena akuotcha gasi usana ndi usiku kuti angomuchotsa pamaso. Zimenezi zimandipweteka mtima, ndipo sindiona chifukwa choti mayi wowokera mpunga ku Bua afunsidwe kudzimana kalikonse mabowo amenewa asanatsekedwe.

Pa msonkhano wa zanyengo wa ku Glasgow mu November 2021, mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 achepetse methane wa dziko lonse ndi magawo 30 pa 100 poyerekeza ndi wa mu 2020. Mayiko oposa 150 alowamo, ndipo Malawi ali momwemo. China, India ndi Russia, amene ali m'gulu la otulutsa kwambiri, sanasaine. United States, imene inatsogolera nawo pangano limeneli, inalengeza mu January 2025 kuti ikutuluka m'mgwirizano wa Paris, umene mayiko anapangana kuti achepetse kutentha kwa dziko. Malawi anali wapampando wa gulu la mayiko osaukitsitsa pa zokambirana za nyengo mu 2024, kutanthauza kuti mawu tili nawo. Nthumwi zathu zikamapempha ndalama zolipira zowonongeka, zizitchulanso mapaipi obookawo, chifukwa ndi chinthu chimodzi chimene chingatipepukitsire msanga ndipo sichifuna kuti wina agone ndi njala.

Ndikanatha kulekera pomwepa, ndipo ambiri amalekera pomwepa. Koma kusakhala ndi mlandu sikudzaza thumba la mpunga.

Mpunga si nsomba. Umapirira madzi, koma sufuna kumira m'madzi kuyambira powokera mpaka pokolola. Madzi osaphwa amathandiza kupha udzu ndipo amamukhazika mtima pansi mlimi, koma ndi omwewo amatsekera okosijeni kunja kwa nthaka n'kupatsa malo tizilombo totulutsa methane tija. Akatswiri a International Rice Research Institute ku Philippines anakonza njira yothirira mosinthanitsa, kunyowetsa ndi kuphwetsa. Mlimi amatenga paipi ya pulasitiki kapena nsungwi yotalika masentimita 30, n'kuiboola timabowo theka lake la m'munsi, n'kuikhomera m'munda ndi kuchotsa dothi la mkati. Pakapita masabata awiri chiwokereni, amasiya madzi kuti aphwe, ndipo amayang'ana m'paipimo. Madzi akatsika masentimita 15 pansi pa nthaka, amathiriranso mpaka akwere masentimita 5 pamwamba. Pamwamba pamaoneka pouma, mwina mpaka ming'alu, koma mizu imakhala ikumwabe. Nthawi yokhayo imene mpunga ukutulutsa ngala ndi kuchita maluwa ndiyo madzi sayenera kusowa ngakhale tsiku limodzi. Njirayi ikatsatidwa bwino, madzi amasungika mpaka magawo 30 pa 100, methane amatsika ndi pafupifupi theka, ndipo zokolola sizitsika.

Taganizani tanthauzo lake m'sikimu nthawi ya chilimwe, mtsinje utachepa. Madzi amene a kumutu kwa ngalande asiya kusunga pachabe ndi amene angafike kwa a kumchira, amene chaka ndi chaka amakangana ndi anzawo usiku pa zitseko za madzi. Kumene madzi amachita kupopa, ndalama ya magetsi kapena dizilo imatsika. Munda wouma masiku angapo umaphanso mphutsi za udzudzu, ndipo kwathu kuno malungo tonse tikuwadziwa. Pa zonsezi palibe chimene chikufuna kuti mlimi ayambe wakhulupirira nkhani ya mlengalenga.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo ndi zolemera. Mpunga wambiri wa kuno sulimidwa m'sikimu ayi, ndi wa m'madambo wodalira mvula, momwe madzi amabwera ndi kupita mwa okha. Mlimi wa Kilombero kapena Faya wa m'dambo alibe chitseko choti atseke, ndipo dambolo likanatulutsa methane ngakhale pakanamera mabango okhaokha. Ameneyo tisamuvutitse. Ngakhale m'sikimu momwemo, munda wosasalazidwa bwino umauma mbali imodzi ina ili m'madzi. Madzi akaphwa udzu umamera, ndipo wopalira nthawi zambiri ndi mayi ndi ana ake. Ukaphwetsa mopitirira, zokolola zimatsika, ndipo ngati wathira feteleza wambiri nthaka imatulutsa mpweya wina wotenthetsa dziko, nitrous oxide, umene umadya mbali ya phindu lija.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi chikhulupiriro. Mlimi amasunga madzi m'munda mwake chifukwa sadziwa ngati tsiku lake lothirira likadzafika madzi adzabweradi. Kumuuza kuti aphwetse munda, ngalande ili yogumuka, zitseko zili zothyoka ndipo ndondomeko ya kagawidwe ka madzi imasintha malinga ndi amene ali ndi mawu ku komiti, n'kumuuza kuti achite juga ndi chakudya cha ana ake. Adzakana, ndipo adzakhala akulondola. Apa ndi pamene ndimaona kuti nkhani ya methane m'mpunga kwenikweni ndi nkhani ya simenti ya ngalande, zitseko zogwira ntchito, ndi bungwe la ogwiritsa ntchito madzi limene limasunga mawu ake. Amene akufuna kutithandiza kuchepetsa methane ayambire pamenepo. Paipi yoboolaboola ibwere pambuyo.

Mapesi a mpunga nawo ali ndi nkhani yake. Kuwakwirira aawisi kenako n'kulowetsa madzi nthawi yomweyo ndi kuwapatsa chakudya tizilombo tija, ndipo methane amachuluka. Kuwatentha n'kutaya chonde ndi kudzaza mudzi ndi utsi. Chabwino ndi kuwakwirira msanga nthaka ikadali youma kuti awolere pamene mpweya ukufika, kuwapanga kompositi, kapena kuwasungira ng'ombe za m'chilimwe.

Za ng'ombe sindichulutsa mawu. Methane wake wambiri amatuluka pogeya ikamabzikula. Ng'ombe yowonda, yodya udzu wouma wokhawokha, yodzaza nkhupakupa, imageya chaka chonse koma mkaka wake ndi wochepa ndipo imabereka patalipatali. Yodya bwino, yopatsidwa madeya ndi masamba a mitengo ya nyemba, yosambitsidwa ku dipi, imatulutsa methane wochepa pa lita iliyonse ya mkaka ndi pa kilogalamu iliyonse ya nyama. Dziko la Denmark lakonza zoyamba kukhometsa msonkho pa mpweya wa ziweto mu 2030. Kumeneko n'zomveka, chifukwa ulimi wawo ndi wa mafamu akuluakulu. Kuno ng'ombe ndi banki, ndi ngolo, ndi fizi ya mwana, ndipo chimene ikufuna ndi mlangizi wa ziweto ndi mankhwala.

Kumene ndikuona kuti tikutaya chuma ndi maso athu ndi ku ndowe ndi zinyalala. Mpweya womwewu umene ukuwononga ukathawira mumlengalenga, ukautsekera m'thanki umaphika nsima. Ndowe, zonyansa za m'chimbudzi ndi zotsala za kumsika zikawolera m'thanki yotsekedwa bwino zimatulutsa biogas, amene kuposa theka lake ndi methane. Akayaka amasanduka carbon dioxide ndi nthunzi, zimene mphamvu yake yotenthetsa ndi yochepa kwambiri poyerekeza, ndipo zotsalira m'thankimo ndi manyowa abwino. M'dziko limene mabanja oposa 9 pa 10 alionse amaphikira nkhuni ndi makala, zimenezi si zazing'ono. Uvuni wa makala nawonso, pofuka pang'onopang'ono muja, umatulutsa methane.

Sindikunena kuti khomo lililonse likumbe thanki. Imafuna ndowe za ng'ombe zingapo zogona m'khola, madzi tsiku ndi tsiku, ndi munthu wodziwa kukonza ikayamba kudontha, pakuti thanki yodontha imangotulutsa methane yemwe timafuna kumugwira. Malo oyenera ndi amene pali anthu ambiri ndi zonyansa zambiri pamodzi: sukulu zogonera komweko, ndende, zipatala, misika ikuluikulu ndi mophera nyama. Rwanda inachita zimenezi m'ndende zake zaka za m'ma 2000 ndipo nkhuni zophikira zinachepa kwambiri. Dziko lomwelo likupopa methane wa pansi pa nyanja ya Kivu n'kupangira magetsi. Sukulu ya sekondale yogonera imene imagula nkhuni pa lole teremu iliyonse, zimbudzi zake zikudzaza n'kumalipiranso wozipopa, ikulipira kawiri pa chinthu chimene chikanaiphikira nyemba.

Chenjezo langa lili pa malonda a kaboni. Popeza methane ndi waukali chotere, tani iliyonse imene yapewedwa ili ndi mtengo, ndipo makampani akunja amagula ziphaso zake kuti azinena kuti afafaniza utsi wawo. Minda ya mpunga ndi imodzi mwa malo amene amalonda amenewa akuthamangira. Mu 2024 bungwe la Verra, limene limatsimikiza ziphaso zotere, linakana mapulojekiti 37 a mpunga a ku China litapeza kuti zimene ankanena sizinali zodalirika. Ndalama ya kaboni siyoipa ngati ikukonza ngalande. Koma komiti ya sikimu isasaine pepala limene silinamasuliridwe m'Chichewa, limene silikunena kuti pa tani iliyonse mlimi alandira zingati ndipo liti, pangano litha zaka zingati, ndipo zokolola zikatsika chifukwa chotsatira malangizo awo alipira ndani. Tizikumbukiranso kuti chiphaso chogulidwa ku Bua chimapatsa wogulayo chifukwa chopitirizira kutulutsa carbon dioxide kwawo, amene adzakhale mumlengalenga zidzukulu zathu zitakalamba. Mtengo wake usakhale wa bonya.

Ku Salima tili ndi malo ofufuzira za mpunga a Lifuwu, amene akhala akugwira ntchito ndi mbewu zathu kwa zaka zambiri. Pempho langa ku unduna wa zamalimidwe ndi makhonsolo a Salima ndi Nkhotakota ndi loti kuthirira mosinthanitsaku kuyesedwe pa dothi lathu ndi mbewu zathu, m'minda ya alimi enieni ku Lifuwu ndi ku Bua, m'chigawo chimodzi cha sikimu chimene zitseko zake zayamba zakonzedwa. Mlimi wovomera kuyesa alonjezedwe polemba kuti akakolola zochepa kuposa mnzake woyandikana naye adzabwezeredwa kusiyanako. Pokolola, alangizi ndi komiti ayeze pamaso pa onse matumba a munda uliwonse, masiku amene unathiriridwa, masiku a ganyu yopalira, ndi ngati madzi anafika kumchira kwa ngalande, ndipo zotsatirazo zikawerengedwe pa msonkhano wa sikimu alimi asanafese nazale ya chaka chotsatira.